Kalata yotseguka kwa opanga magalimoto ndi olemba malamulo a mafuta: ethanol mukumuyesera mu injini yosakhala yake

Akuluakulu, inu amene mumajambula mainjini m'makampani opanga magalimoto, komanso inu a m'maboma amene mumalemba malamulo a mafuta ndi kuyeza magalimoto asanayambe kugulitsidwa, kalata iyi ndailemba poyera dala kuti wina aliyense aiwerenge, chifukwa nkhani yake ikukhudza munthu aliyense amene amaima pa pampu kuthira mafuta.

Kwa zaka zambirimbiri anthu akhala akuuzidwa kuti ethanol, mafuta aja otchezedwa kuchokera ku mbewu monga nzimbe kapena chimanga, ndi mafuta osayenda mtunda, ati ukathira sukafika patali, thanki imauma msanga. Ndipo onenawo sakunama ayi, amene anayendetsapo galimoto ya flex, yotha kuyendera petulo kapena ethanol, pa E85, mafuta osakaniza amene mpaka 85 peresenti yake ndi ethanol, akudziwa mmene singano ya geji imatsikira. Boma la America lenilenilo limanena kuti pa E85 mtunda umachepa ndi 15 mpaka 27 peresenti poyerekeza ndi petulo. Koma chimene simukuuza anthu n'chakuti pafupifupi magalimoto onsewo ali ndi injini zimene munazipangira petulo. Munangosintha mapaipi, mainjekita ndi pulogalamu ya kakompyuta ka injini basi, koma pisitoni ndi yomweyo, mutu wa injini ndi womwewo, kompuresheni ndi yomweyo yoti petulo wamba asavutike nayo. Ndiye mukatero n'kubwera kudzati onani ethanol ndi wofooka, zimenezo sizoona, ndipo inuyo mukudziwa bwino kuposa ine kuti sizoona.

Ndiyambe ndi mbali imene ethanol amaluza, kuti musati ndikubisa. Lita imodzi ya petulo imakhala ndi mphamvu pafupifupi ma megajoule 32, lita ya ethanol ili ndi 21 yokha, ndiye kuti gawo limodzi mwa atatu palibe. Ichi palibe injiniya angachisinthe olo atakhala wanzeru bwanji, ndi mmene mafutawo alili, chifukwa pa kulemera kwa ethanol pafupifupi 35 peresenti ndi oxygen, ndipo oxygen payekha sapereka moto. N'chifukwa chake petulo amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta kuti apse bwino pomwe ethanol amangofuna 9, injekita iyenera kupopera mafuta ochulukirapo pa mpweya womwewo. Mpaka pamenepa tikugwirizana.

Koma mphamvu imene ili mu thanki si imene imafika ku matayala. Injini wamba ya petulo ikamagwira bwino kwambiri imangosandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mphamvuyo kukhala liwiro, yotsalayo imathawa ngati kutentha kudzera mu ekizozi ndi mu redieta, ndipo mumsewu wa mu tauni moima-ima zimatsika kuposa pamenepo. Funso lenileni ndi ili, pa mphamvu imene tathira, ingati imene injini ikutha kugwira? Apa ndi pamene kompuresheni imalowa ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono.

Taonani mkati mwa silinda. Pisitoni yatsika, yakoka mpweya ndi mafuta, mavalavu atseka. Ikamakwera ikufinya zonsezo mu kamalo kakang'ono pamwamba. Tikati kompuresheni ndi 10:1 ndiye kuti malo amene anali magawo 10 afinyidwa kukhala gawo limodzi. Pulagi yathetheka, moto wayamba pakati n'kumafalikira m'mbali, mpweya watentha, ukukankha pisitoni kubwerera pansi. Tsono ukafinya kwambiri, mpweya wotenthawo umakhala ndi danga lalikulu loti ufutukuke, umakankha nthawi yaitali usanatayidwe, ndiye umatuluka ku ekizozi utapereka mphamvu zambiri. Pa masamu a pa pepala a injini ya mtundu wa Otto, umene ndi mtundu wa injini wamba ya petulo, kompuresheni ya 8:1 imapereka pafupifupi 56 peresenti ya mphamvu ya mafutawo, ya 10:1 imapereka 60, ya 14:1 imafika 65. Injini yeniyeni siifika pamenepo chifukwa cha kukhulana kwa zitsulo ndi kutentha kumene kumathawira m'makoma a silinda, komanso phindu limanka lichepa ukamakwera kwambiri, koma njira yake ndi yomweyo, finya kwambiri upeze zambiri pa dontho lomwelo.

Nanga bwanji simumangokweza kompuresheni pa injini zonse? Chifukwa petulo sapirira. Ukamufinya kwambiri, mafuta amene ali m'mphepete mwa silinda, moto wa pulagi usanawafike, amatentha mpaka kuphulika okha. Moto uwiri ukuwombana mkatimo, dalaivala amamva kaphokoso kachitsulo koti tiki tiki tiki makamaka pokwera mtunda pa giya yaikulu, ndipo zikapitirira pamwamba pa pisitoni pamadyeka, maringi amathyoka, gasiketi imapsa. Magalimoto amakono ali ndi sensa yomvera kugogodako, ikangomva kakompyuta kamachedwetsa sipaki, nthawi zina kamawonjezeranso mafuta ongoti aziziritse, ndipo zonse ziwirizi ndi kutaya mphamvu dala pofuna kuteteza injini. Mwini galimoto saona kanthu, amangolipira.

Ethanol pamenepa ndi ngwazi. Octane yake, nambala yosonyeza mmene mafuta amapirira kufinyidwa osagogoda, pa muyezo wotchedwa RON ndi cha m'ma 108 kapena 109, pomwe petulo wamba amakhala 91 mpaka 95 ndipo wodula uja 98. Komanso pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Dontheza ethanol pa dzanja lako, umamva kuzizira pompo, chifukwa akamauluka amatenga kutentha kwambiri, pa kilogalamu imodzi amatenga kuposa kawiri mmene petulo amatengera. Ndiye poti mu silinda mukulowa ethanol wochulukirapo, kuziziritsa konseko kumafika pafupifupi kanayi. Mpweya wozizira sugogoda msanga, komanso umalowa wambiri. Pa injini zopopera mafuta molunjika mu silinda phindu limeneli limakula kwambiri chifukwa kuzizirako kumachitikira mkati momwemo osati mu paipi. Mafuta oterewa mukuwathira mu injini ya 10:1, ubwino wake wonse ukungopita pachabe, chimene chikuoneka ndi kuipa kwake kokha.

Ndipo si nzeru yatsopano iyi. Mu 1921 akatswiri a General Motors, Thomas Midgley ndi anzake, pofufuza chothetsera kugogoda ankadziwa kale kuti ethanol amathandiza, koma anasankha mankhwala a mtovu aja a tetraethyl lead oti kadontho pang'ono kamakwanira. Dziko lapansi linapuma utsi wa mtovu kwa zaka pafupifupi 100, petulo wa mtovu wa magalimoto anatheratu mu 2021 pamene Algeria inasiya kumugulitsa. Ndikamaganiza za ana onse amene anakula akupuma utsi umenewo mtima umandiwawa ndithu, ndipo ndikutchula izi kuti mudziwe kuti chisankho cha pa tebulo lanu chimakhala ndi anthu zaka zambiri inu mutapuma kale ntchito.

Umboni woti injini yopangidwira ethanol imagwira ntchito ulipo wambiri. Brazil inayamba pulogalamu yolimbikitsa ethanol yotchedwa Proálcool mu 1975 mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse mu 1973, ndipo mu 1979 Fiat 147 inatuluka ngati galimoto yoyamba yopangidwa mochuluka yoyendera ethanol yekha. Injini zimenezo zinali ndi kompuresheni yopitirira 11:1 nthawi imene za petulo zinali cha m'ma 8:1 kapena kutsika. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 magalimoto atsopano ambiri zedi ogulitsidwa ku Brazil anali a ethanol yekha. Izi zinachitika ndi makabuleta, kopanda masensa onse amene muli nawo lerowa.

Mu 2002 akatswiri a bungwe loona za chilengedwe la EPA ku America anatenga injini ya dizilo ya Volkswagen ya malita 1.9, anaiika mapulagi, n'kuiyendetsa pa ethanol ndi methanol pa kompuresheni ya 19.5:1, ndipo inagwira mphamvu yopitirira 40 peresenti, kufanana ndi dizilo. Tangoganizani, 19.5:1 pa injini ya sipaki, petulo sangayerekeze n'komwe. Scania ya ku Sweden inapita njira ina, mabasi ake a mafuta a ED95, amene ndi 95 peresenti ethanol ndi mankhwala othandiza kuyaka, alibe pulagi, amayaka ndi kufinya kokha pa kompuresheni ya 28:1, ndipo anyamula anthu mu mzinda wa Stockholm kwa zaka zambiri. Saab nayo mu 2005 inatulutsa 9-5 BioPower ya turbo imene pa petulo inkapereka mahatchi 150 koma pa E85 inkapereka 180, injini yomweyo. Mpikisano wa magalimoto wa IndyCar ku America unasamukira ku ethanol mu 2007. Nkhani ya Saab ija ndi yofunika kuposa mmene imaonekera, chifukwa ngati ethanol akulola turbo kupopa mpweya wambiri popanda kugogoda, ndiye kuti mutha kupanga injini yaing'ono yopepuka yokoka ngati yaikulu, ndipo injini yaing'ono imakhala nthawi yambiri ikugwira ntchito pamalo amene siwononga mafuta.

Tsono tiwerengere limodzi, masamu ake ndi apafupi. Injini ya petulo yogwira 33 peresenti ya ma megajoule 32 imafikitsa pafupifupi 10.5 ku ntchito. Injini yomweyo mukaithira ethanol, 33 peresenti ya 21 ndi 7 basi. Koma injini yopangidwira ethanol yogwira 40 peresenti imafikitsa 8.4. Kusiyana kuja kwa gawo limodzi mwa atatu kwatsika kufika pa gawo limodzi mwa asanu. Sikunathe ayi, ndipo amene amauza anthu kuti injini ya kompuresheni yokwera ipangitsa lita ya ethanol kuyenda mtunda wofanana ndi lita ya petulo akulonjeza mopitirira, kuti zitero injiniyo ikanafunika kugwira pafupifupi 50 peresenti, komanso injini za petulo nazo sizinaime, Toyota inafika 40 peresenti ndi injini yake ya malita 2.5 mu 2017. Koma kuchoka pa 7 kufika pa 8.4 ndi phindu la 20 peresenti pa lita iliyonse imene mlimi walima ndipo fakitale yatcheza, ndipo phindu limenelo lero likutayika tsiku ndi tsiku m'magalimoto mamiliyoni ambiri. Dziko limene likulima nzimbe kapena chimanga kuti lipange mafuta liyenera kudandaula kwambiri ndi zimenezi, sinanga lita iliyonse yotayika ndi munda, madzi ndi feteleza zimene zikanagwira ntchito ina.

Vuto la galimoto ya flex ndi loti imafuna kusangalatsa mafuta awiri osiyana khalidwe, ndipo amene amalamula ndi wofookayo. Injiniyo iyenera kupulumuka tsiku limene mwiniwake wathira petulo wa octane yotsika kwambiri, ndiye kompuresheni imaikidwa poti petuloyo apirire. Ku Brazil zilibwinoko chifukwa petulo wawo ali kale ndi ethanol wambiri, anafika 27 peresenti mu 2015, ndiye injini zawo za flex, kuyambira Volkswagen Gol ya 2003 ija, zakhala zikukwera kompuresheni kuposa za kwina, komabe nazo n'zongogwirizanitsa, ndipo oyendetsa kumeneko mpaka lero amawerengera kuti ethanol amapindulitsa pokhapokha mtengo wake ukakhala pansi pa 70 peresenti ya mtengo wa petulo. Ku America zinafika poipa, lamulo la 1988 linkapatsa makampani mapointi pa muyezo wa kagwiritsidwe ntchito ka mafuta akangopanga galimoto ya flex, kaya mwiniwake athiramo E85 kaya sathiramo. Makampani anapanga mamiliyoni, ambiri mwa eni ake sanathiremo E85 olo kamodzi, ena sankadziwa n'komwe kuti galimoto yawo ingathe. Inu olemba malamulo, mmene munalipirira chizindikiro cha pa boneti m'malo molipirira mphamvu yopulumutsidwa, munalakwitsa pamenepo, chonde zisachitikenso kwina.

Mavuto a ethanol sindikuwakana, walira mvula walira matope. Kukazizira sauluka msanga ndiye injini imavuta kulira m'mawa. Amene anatsegulapo boneti ya galimoto yakale ya ku Brazil anaona kathanki kakang'ono ka pulasitiki ka petulo pakona, ntchito yake kupopera petulo pang'ono poliza injini kukazizira, ndipo ukaiwala kuthiramo kapena petuloyo akakhalitsa n'kuuma, m'mawa umakhalira kupukusa kiyi. Koma zimenezi munazithetsa kale, kuyambira 2009 kunabwera njira yotenthetsa mafuta asanafike pa injekita ndipo kathanki kaja kanayamba kusowa. Ethanol amayamwa madzi, amadya mitundu ina ya labala ndi zitsulo zina, koma mapaipi ndi masilo opirira alipo ndipo mumaika kale mu flex iliyonse. Injini ikakhala yozizira utsi wake umakhala ndi mankhwala oipa otchedwa acetaldehyde ambiri kuposa wa petulo, zimenezi muziyeze ndipo muziikire malire, musazibise. Palibe pa mavutowa limene ndi chifukwa chokwanira chosiyira kompuresheni pansi.

Chimene chinapha galimoto ya ethanol yekha ku Brazil sichinali injini. Cha m'ma 1989 shuga anakwera mtengo pa msika wa dziko lonse, mafakitale anatembenukira ku shuga, petulo anali atatsika, boma linachepetsa thandizo, ndipo anthu amene anagula magalimoto osatha kuyendera china chilichonse anapezeka ali pa mizere pa mapampu ouma. Anthu anataya chikhulupiriro ndipo m'zaka za m'ma 1990 malonda a magalimoto amenewo anagweratu. Ine sindingamunene munthu amene anakana kugulanso, nanenso ndikanatero. Phunziro limeneli ndi lanu a boma. Kampani siingapange injini ya 14:1 kapena 16:1 yodalira ethanol ngati palibe chitsimikizo choti mafutawo adzapezeka chaka chilichonse pa pampu iliyonse, ogulitsa mafuta nawo sangaike pampu ya mafuta amene palibe galimoto yowafuna, aliyense akudikira mnzake, ndipo amene angathetse kudikiranaku ndi inu nokha. Ikani lamulo la octane yochepetsetsa imene mafuta onse ayenera kufika, nenani chaka chimene liyambe, sungani nkhokwe ya ethanol yoti chaka cha chilala kapena cha shuga wokwera mtengo mapampu asaume, ndipo mukalonjeza musasinthe boma likasintha. Sikuti mpaka tiyambire pa ethanol yekhayekha, mafuta osakaniza a ethanol 20 mpaka 30 peresenti amakweza kale octane mokwanira kuti injiniya akweze kompuresheni, bola akhale otsimikizika ndipo galimoto zakale zisasiyidwe zopanda mafuta oziyenera.

Kwa inu opanga magalimoto, zida muli nazo kale m'manja ndipo n'zimene zimandipweteka. Mazda inafika 14:1 pa petulo mu 2011 ndi injini za Skyactiv. Nissan inayamba kugulitsa mu 2018 injini yosintha kompuresheni yokha ikuyenda, kuchoka pa 8:1 kufika pa 14:1, ndiye tangoganizani injini yotereyo italumikizidwa ndi sensa yodziwa kuchuluka kwa ethanol mu thanki, ikamva petulo itsike, ikamva ethanol ikwere ndipo ikhale pamwamba pomwepo olo pokoka katundu, vuto lonse la flex lija likanachepa kwambiri. Olo njira yotchipa ilipo, kupanga injini ya kompuresheni yokwera n'kumachedwetsa kutseka valavu yolowetsa mpweya tsiku limene mwathiridwa petulo, galimotoyo ichepe mphamvu pang'ono pa petulo koma ikhale pabwino pa ethanol, kutembenuza mmene zilili lero. Toyota inatulutsa Corolla ya hybrid, yophatikiza injini ndi magetsi, yoyenderanso ethanol ku Brazil mu 2019, ndipo mu hybrid injini imatha kukhala pa liwiro limodzi labwino nthawi yambiri, malo oyenera ndithu injini yopangidwira mafuta amodzi. Ndikudziwa kuti ndalama zambiri za kafukufuku zapita ku magalimoto a magetsi ndipo sindikutsutsa, koma injini zoyaka moto zipangidwabe ndi kuyendabe zaka zambiri, mathirakita, malole, majenereta, ndi magalimoto a kumadera kumene magetsi ndi osadalirika. Bwanji osayambira pa mabasi ndi malole a kampani amene amathira pa depoti imodzi, kumene nkhani yosowa pampu palibe, monga anachitira ku Stockholm?

Chinanso ndi pepala limene mumamata pa galasi la galimoto yatsopano. Mukangolemba makilomita pa lita, ethanol adzaoneka woluza mpaka kalekale olo injini yake itakhala yabwino kuposa ina iliyonse, chifukwa lita ndi muyezo wa malo osati wa mphamvu. Bungwe loona za miyezo la Inmetro ku Brazil limaonetsa makilomita pa lita a mafuta onse awiri padera, ndipo limawerengeranso ma megajoule pa kilomita. Chitani chimodzimodzi kulikonse, ndipo galimoto muiyeze ndi mafuta amene inapangidwira. Wogula akaona kuti galimoto iyi pa ethanol imadya ma megajoule ochepa pa kilomita kuposa pa petulo adziwa kuti injiniyo inapangidwadi moganizira ethanol, akaona kuti manambala ndi ofanana adziwa kuti ndi injini ya petulo yongosinthidwa mapaipi.

Ndipo musaiwale amakaniko. Injini ya kompuresheni yokwera siikhululuka, wina akaithira mafuta olakwika kapena kuika mapulagi osayenera imawonongeka msanga, ndiye pakamwa pa thanki palembedwe moonekeratu mafuta oyenera, kakompyuta kazitha kudziteteza kakazindikira petulo wofooka, mabuku okonzera ndi masipeyala zizipezeka kwa makaniko aliyense osati kwa madila anu okha, ndipo waranti inene momveka kuti ethanol wochuluka bwanji ndi wololedwa. Zotsatira za mayeso amene munachita kale pa injini za ethanol m'malabu anu zitulutseni poyera tiziwerenge, ndipo ngati pali chifukwa cha uinjiniya chimene chikukuletsani kuzigulitsa, tiuzeni ndi manambala ake.

Ine wanu,
Woyendetsa galimoto wamba